Nyumba ili ku Thailand, mwini wake ali kunja: inshuwalansi ya mliri ndi malamulo obwererera

Pa 27 Novembala 2021 boma la Thailand lidalengeza kuti kuyambira pa 1 Disembala lisiya kulandira anthu ochokera m'maiko asanu ndi atatu a kummwera kwa Africa: Botswana, Eswatini, Lesotho, Malawi, Mozambique, Namibia, South Africa ndi Zimbabwe. Chidachititsa ndi Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo koyambitsa Covid-19, umene akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anali atangouzindikira kumene. Chiletsocho chidachotsedwa mu Januwale 2022.

Ambiri atamva nkhaniyi adaganiza za anthu okaona malo amene ulendo wawo udalephereka. Koma wokaona malo akaletsedwa amangokhala kwawo, n'kudandaula za tikiti basi. Amene chiletso chotere chimamupweteka kwenikweni ndi munthu amene ntchito yake, katundu wake, mwina mkazi ndi ana, zili m'dziko lotsekedwalo, iye atangotulukako pang'ono kukaika maliro kapena kukaona makolo. Mliri utafika, anthu otere m'maiko ambiri adadzidzimuka kuona kuti pepala limene ankalidalira silikutsegula chitseko. Thailand ndi chitsanzo chabwino pofuna kumvetsa mmene izi zimayendera, chifukwa kumeneko malamulo adasintha kambirimbiri ndipo chilichonse chinali ndi mtengo wake wolembedwa.

Mlendo wokhalitsa ndi ndani?

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu amene tikuwanena pano si mame. Ndi aphunzitsi, ogwira ntchito m'makampani, ophunzira, okwatira kapena kukwatiwa ndi nzika za Thailand, komanso okalamba opuma pantchito amene adasankha kukadyera penshoni yawo ku Chiang Mai, Pattaya, Hua Hin kapena Phuket. Ena akhalako zaka makumi awiri. Komabe pamaso pa lamulo ambiri mwa iwo ndi alendo ndithu, ndipo viza yawo imatchedwa Non-Immigrant, kutanthauza kuti sadabwere kudzakhazikika.

Chilolezo chawo nthawi zambiri chimakhala cha chaka chimodzi, chikatha amakapempha china. Wopuma pantchito ayenera kukhala wa zaka 50 kapena kuposerapo, ndipo aonetse kuti ali ndi ma baht (ndalama ya dzikolo) 800,000 kubanki ya ku Thailand kapena amalandira ma baht 65,000 pamwezi. Mwamuna wokwatira nzika amaonetsa ma baht 400,000 kapena 40,000 pamwezi. Pakatha masiku 90 aliwonse amakadziwitsa a imigileshoni kumene akukhala. Tingamuyerekeze ndi munthu wa lendi amene wakhala m'nyumba imodzi zaka zambiri, adabzala mango pabwalo ndipo akudya zipatso zake, koma pangano lake ndi landilodi amalisainanso chaka ndi chaka.

Mapepala atatu amene anthu amawasokoneza

Pocheza, chidindo chilichonse cha m'pasipoti anthu amangoti viza. Apa ndi pamene chisokonezo chimayambira, chifukwa zinthuzi zilipo zitatu ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Viza yeniyeni imaperekedwa ndi ofesi ya kazembe munthu asadanyamuke. Ntchito yake ndi kumufikitsa pachipata kuti apemphe kulowa. Akafika pabwalo la ndege, wa imigileshoni amadinda tsiku limene ayenera kutuluka, ndipo chidindo chimenechi ndiye chilolezo chokhala. Chikayandikira kutha, munthu amapita yekha ku ofesi ya imigileshoni m'dzikomo, kulipira ma baht 1,900, n'kuwonjezeredwa chaka. Choncho anthu ambiri amene amati ali ndi viza ya opuma pantchito, viza yawoyo idatha kalekale. Chimene ali nacho ndi chilolezo chokhala chimene chakhala chikuwonjezeredwa.

Chilolezo chimenechi chili ndi khalidwe limodzi loopsa: mwini wake akangotuluka m'dziko, chimafa pomwepo, ngakhale kutatsala miyezi khumi. Kuti chisafe pamafunika pepala lachitatu, chilolezo chobwerera, chimene munthu amagula asadatuluke, ku ofesi ya imigileshoni kapena pabwalo la ndege monga la Suvarnabhumi ku Bangkok. Cha ulendo umodzi ndi ma baht 1,000, cha maulendo ambiri ndi 3,800.

Zili ngati kusiya chitenje pa mpando wa m'basi potsika kukagula madzi. Chitenjecho chimasunga malo, koma sichiimitsa basi. Chilolezo chobwerera sichiwonjezera ngakhale tsiku limodzi pa nthawi yokhala, ndipo chimatha tsiku lomwelo limene chilolezo chokhala chikutha. Komanso sichilonjeza kuti chitseko chidzakhala chotsegula. Mliri usadabwere palibe amene ankalabadira mfundo yachiwiriyi, popeza chitseko sichinkatsekedwa.

Chipata chitatsekedwa

Thailand ndi dziko loyamba kunja kwa China kutsimikizira kuti lapeza wodwala Covid-19, pa 13 Januwale 2020. Pa 11 Malichi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati matendawa ndi mliri wa dziko lonse. Pa 26 Malichi boma la Prayut Chan-o-cha, nduna yaikulu ya panthawiyo, lidayamba kugwiritsa ntchito lamulo la nthawi ya ngozi, ndipo kumayambiriro kwa Epulo ndege zonyamula anthu zochokera kunja zidaletsedwa kutera.

Alendo amene anali mkati mwa dziko adawachitira chifundo: boma lidawalola kukhalabe ngakhale masiku awo atatha, ndipo lidatalikitsa chifundochi kangapo mpaka kumapeto kwa Okutobala 2020. Amene anali kunja chifundochi sichidawafike. Masiku a pachidindo chawo ankawerengekabe, ndipo popeza kuwonjezera kumafuna kuti munthu akaonekere yekha ku ofesi ya m'dzikomo, ambiri chilolezo chidawathera m'manja ali kutali. Adayenera kuyambiranso kufunsira viza ngati anthu achilendo.

Chitseko chitayamba kutseguka pakati pa 2020, sichidatsegukire onse nthawi imodzi. Adayamba ndi okhala ndi chilolezo chogwira ntchito, okwatirana ndi nzika, ophunzira ndi ena ochepa. Opuma pantchito adadikira miyezi ina. Ndipo padabadwa pepala lachinayi, Certificate of Entry, kalata yochokera kwa kazembe yonena kuti munthu uyu waloledwa kulowa pa ulendo uwu. Kuti aipeze ankayenera kuonetsa tikiti, umboni woti walipiriratu hotela yobindikiramo masiku 14, ndi inshuwalansi. Asadakwere ndege ankayezetsanso.

Kubindikiritsa apaulendo si nzeru yatsopano. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik ku Croatia, udalamula kuti ochokera kumadera a mliri adikire masiku 30 asadalowe. Pambuyo pake ku Venice ndi madoko ena masikuwo adafika 40, ndipo mawu a Chingerezi otanthauza mbindikiro wotere adachokera ku liwu la Chitaliyana la nambala imeneyi. Chatsopano mu 2020 chinali chakuti pambali pa kudikira, mlendo ankayenera kutsimikiziratu kuti akadwala pali wina amene adzalipire.

Chifukwa chimene inshuwalansi imaopera mliri

Inshuwalansi ndi thumba limene anthu ambiri amaponyamo pang'onopang'ono kuti amene tsoka lamugwera atapemo zambiri. Amene adakhalapo m'gulu lothandizana pamaliro akudziwa kale mmene zimayendera. Thumbalo limakwanira chifukwa maliro sagwa m'nyumba zonse mwezi umodzi. Amalonda a zombo amene ankakumana m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd ku London m'zaka za m'ma 1680 ankadalira mfundo yomweyi: zombo zina zimira, koma sizimira zonse limodzi.

Mliri umaphwanya mfundo imeneyi. Nyumba imodzi ikapsa m'mudzi, anansi amabwera ndi udzu, mitengo ndi ufa. Kukagwa chilala, nkhokwe zonse zimauma pamodzi, ndipo palibe kwa mnansi kokasuma. Kampani ya inshuwalansi imatha kuwerengera bwino kuti mwa anthu masauzande angati ndi angati amene adzathyoke mwendo chaka chino. Siingathe kuwerengera motero matenda atsopano amene angagwire theka la makasitomala ake m'miyezi itatu, m'maiko onse nthawi imodzi.

N'chifukwa chake, makamaka matenda a SARS atavuta mu 2003, makampani ambiri adayamba kulemba m'mapangano awo kuti za mliri sadzalipira. Ena adali ndi mfundo ina: ngozi imene yadziwika kale siigulidwira inshuwalansi, monga mmene munthu sangalowere gulu la maliro m'bale wake atatsirizika kale. Covid-19 itangolengezedwa, makampani ambiri a inshuwalansi ya paulendo adati kuyambira tsiku lakutilakuti matendawa ndi odziwika, wogula pambuyo pake asayembekezere kanthu. Enanso sankalipira munthu amene wapita kudziko limene boma la kwawo lachenjeza kuti asapiteko, ndipo mu 2020 machenjezo otere adakuta pafupifupi dziko lonse.

Tsono boma la Thailand litati likufuna inshuwalansi, silinkangofuna inshuwalansi iliyonse. Linkafuna pepala lotchula Covid-19 ndi dzina, lolembapo kuchuluka kwa ndalama. Anthu ena amene anali ndi inshuwalansi yabwino ndithu, yolipira zambiri kuposa zofunikazo, adabwezedwa chifukwa pepala lawo silinkatchula mawuwo, n'kukagula ina yapadera yongoonetsa kwa kazembe. Apa inshuwalansi idasintha ntchito. Kale inali chinthu chimene munthu amasunga m'kabati kudikira tsiku loipa, koma tsopano idasanduka kiyi wa pachipata.

Kufuna inshuwalansi kwa mlendo pakokha si kwachilendo. Aliyense amene adafunsirapo viza ya Schengen yopitira ku Ulaya amadziwa kuti amafuna inshuwalansi ya ma euro 30,000. Kusiyana kwake n'kwakuti ya Schengen ndi ya ulendo waufupi, pamene munthu wobwerera kunyumba yake ku Thailand ankafunsidwa yokwanira nthawi imene akakhale. Kwa wokaona malo amenewo ndi masabata awiri. Kwa wokhalitsa ikhoza kukhala miyezi yambiri, ndipo mtengo umakwera ndi msinkhu wa munthu.

Kuchoka pa madola 100,000 kufika pa ziro

Muyeso woyamba, kuyambira mu Malichi 2020, unali madola 100,000 a ku America. Izi sizikutanthauza kuti munthu ankalipira ndalama zimenezi, koma kuti kampani ikulonjeza kulipira chithandizo mpaka pamenepo. Muyesowu udalipobe pa 1 Julayi 2021 pamene chilumba cha Phuket chidayamba kulandira olandira katemera popanda kuwatsekera m'chipinda, pa ndondomeko yotchedwa Phuket Sandbox.

Pa 1 Novembala 2021 kalata ya kazembe ija idalowedwa m'malo ndi Thailand Pass, yofunsira pa intaneti, ndipo muyeso udatsika kufika madola 50,000. Alendo ogwira ntchito amene amadulidwa ndalama za thumba la boma la ogwira ntchito adaloledwa kuonetsa umboni wa thumbalo m'malo mogula inshuwalansi ina. Omicron itabwera, njira yolowera mwachangu ya Test & Go idaimitsidwa mu Disembala n'kuyambiranso pa 1 Febuluwale 2022. Mu Malichi muyeso udafika madola 20,000, mu Meyi 10,000, ndipo pa 1 Julayi 2022 Thailand Pass ndi inshuwalansi yake zidathetsedwa.

Chimene chinkakankha manambalawa si matenda okha. Mu 2019 dzikoli lidalandira alendo pafupifupi 40 miliyoni. Mu 2021 sadakwane ngakhale theka la miliyoni imodzi. Eni mahotela ndi ndege ankati chofunika chilichonse chowonjezera chikuthamangitsa makasitomala, pamene a zaumoyo ankati zipatala zisasenzetsedwe ngongole za anthu akunja. Onsewa ankanena zoona, ndipo nambala ya mwezi uliwonse inkaonetsa mbali imene yakoka chingwe kwambiri panthawiyo.

Wapezeka nako, koma sakudwala

Apa ndi pamene anthu ambiri adapsa zala, ndipo nkhani yake ili m'timawu ting'onoting'ono ta m'pangano.

Kwa nthawi yaitali ndondomeko ya Thailand inali yakuti aliyense wopezeka ndi kachilomboka apatulidwe kuchipatala, kapena ku hotela yosandutsidwa chipatala, ngakhale asakumva kupweteka paliponse. Kwa boma iyi inali njira yotetezera anthu ena. Koma mapangano ambiri a inshuwalansi amati kampani idzalipira chithandizo chimene dokotala waona kuti n'chofunika pa thanzi la wodwalayo. Munthu wopanda chifuwa, wopanda malungo, amene wagonekedwa chifukwa lamulo latero, kodi akulandira chithandizo kapena akungosungidwa? Makampani ena adati akungosungidwa, ndipo bilu ya chipatala cha pulayiveti idatsala m'manja mwa mwini wake.

Padalinso amene sadapezeke nako n'komwe, koma adakhala pafupi ndi wodwala m'ndege kapena m'galimoto, n'kulamulidwa kubindikira. Amenewa sankawerengedwa ngati odwala, choncho inshuwalansi ya chipatala nthawi zambiri inalibe nawo gawo. Ndiye kuti pepala lomwelo limene kazembe walivomera kuti munthu alowe, likhoza kukanidwa ndi kampani pa tsiku lolipira. Kazembe ankayang'ana nambala ndi dzina la matenda. Kampani inkayang'ana ziganizo za patsamba lachisanu zimene ogula ambiri, kunena zoona, sitiziwerenga.

Inshuwalansi ina, ya okalamba

Pali chofunika china chimene anthu ankachisokoneza ndi cha mliri, chikhalirecho chidayamba mliri usadabwere. Kuyambira pa 31 Okutobala 2019, wopuma pantchito wolowa ndi viza ya mtundu wa O-A, imene amafunsira kwa kazembe kwawo, adayenera kukhala ndi inshuwalansi ya zaumoyo yolipira ma baht 400,000 akagonekedwa ndi 40,000 akamayendera kuchipatala. Boma lidati alendo ena okalamba ankasiya ngongole m'zipatala za boma. Mu 2021 muyesowu adaukweza kufika ma baht 3 miliyoni kapena madola 100,000, kuphatikizapo chithandizo cha Covid-19.

Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika. Ya mliri inali ya pachipata, ndipo idatha limodzi ndi Thailand Pass. Ya O-A ndi yomangiriridwa ku viza, ndipo imafunikanso powonjezera chaka. Chodabwitsa n'chakuti wopuma pantchito amene adayamba ndi viza ya mtundu wa O, wopanda A, safunsidwa inshuwalansi imeneyi. Anthu awiri a msinkhu umodzi, oyandikana nyumba, akhoza kukhala pansi pa malamulo osiyana chifukwa cha chilembo chimodzi. Ndipo munthu akapitirira zaka 70, makampani ambiri amakana kumulandira ngati kasitomala watsopano kapena amachotsa m'pangano matenda onse amene ali nawo kale. Lamulo limafuna pepala kwa anthu omwewo amene msika sufuna kuwagulitsa.

Pamene thumba lenilenilo lidabooka

Wina angaganize kuti mantha a makampani aja ndi umbombo chabe. Zimene zidachitika mkati mwa Thailand zikuonetsa mbali inayo.

Pofika kumapeto kwa 2020 dziko lonselo linali litapeza odwala osakwana 7,000. Poona kuchepa kwa nambalayi, makampani angapo adagulitsa kwa nzika inshuwalansi yotchipa imene anthu ankaitchula kuti jer jai job, kutanthauza kuti wapezeka nako, walipidwa, nkhani yatha. Munthu ankapereka ma baht mazana ochepa, ndipo akangopezeka ndi kachilomboka ankalandira masauzande ambiri nthawi imodzi, kaya wadwala kaya ayi. Anthu mamiliyoni adagula.

Kenako idabwera Delta, mtundu wina wa kachilomboka. Mu Ogasiti 2021 odwala atsopano ankapitirira 20,000 pa tsiku. Kampani ya Syn Mun Kong idayesa kuthetsa mapanganowo mu Julayi chaka chomwecho, koma bungwe la boma loyang'anira inshuwalansi, Office of Insurance Commission, lidaletsa. Asia Insurance 1950 ndi The One Insurance adalandidwa ziphaso chaka cha 2021 chisadathe, Southeast Insurance ndi Thai Insurance mu Epulo 2022, ndipo Syn Mun Kong nayo idatsekedwa mu 2024. Ngongole zawo zidagwera thumba lapadera lotetezera ogula inshuwalansi, limene lidalemedwa kotero kuti ambiri adauzidwa kudikira nthawi yaitali. Inshuwalansi imeneyi si imene alendo ankafunsidwa pachipata, koma ikusonyeza zimene chilala chija chimachita ku nkhokwe ya gulu.

Mafunso amene akadali poyera

Lamulo la nthawi ya ngozi ku Thailand lidatha kumapeto kwa Sepitembala 2022, ndipo pa 5 Meyi 2023 WHO idati Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Malamulo a pachipata adachoka, koma zimene adavumbula sizidayankhidwe.

Choyamba ndi malo a mlendo wokhalitsa pa tsiku lotseka malire. Nzika ili ndi ufulu wobwerera kwawo, wokaona malo akhoza kudikira. Nanga amene wakhala zaka 15 akulipira lendi ndi msonkho aikidwe mbali iti? Ena amati dziko lili ndi udindo woyamba kwa nzika zake, makamaka mabedi a m'chipatala akachepa. Ena amati kulekanitsa mabanja miyezi yambiri ndi chilango chopanda mlandu. Chogwirizana ndi ichi n'chakuti: kodi masiku a chilolezo aziwerengekabe pamene boma lenilenilo ndi limene latseka chitseko?

Funso lina ndi la amene ayenera kusenza mtengo wa kupatula munthu wosadwala. Ngati cholinga n'kuteteza anthu onse, ena amati lilipire ndi boma. Ena amayankha kuti wokhoma msonkho wa ku Thailand sadaitane mlendoyo. Makampani nawo amati adalonjeza kulipira mankhwala, osati malamulo. Boma lakhala likukambirana zoti mlendo wobwera pandege azilipira ma baht 300 polowa, gawo lina lipite ku inshuwalansi, ndipo nduna zidavomereza ganizoli mu 2023, koma kuyamba kwake kudazengerezedwa kangapo.

Pa za okalamba, viza yatsopano ya zaka 10 yotchedwa Long-Term Resident, imene idayamba mu Sepitembala 2022, imalola munthu kusankha pakati pa inshuwalansi ya madola 50,000 ndi kusunga madola 100,000 kubanki. Njira imeneyi imathandiza amene makampani amawakana, koma okhawo amene ali ndi chuma. Wa penshoni yochepa atani akafika zaka 75?

Ndipo pali funso la maiko asanu ndi atatu aja. South Africa idadandaula poyera kuti ikulangidwa chifukwa chonena msanga zimene akatswiri ake adapeza, pamene maiko oletsawo ankati akungogula nthawi kuti akonzekere. Malamulo a zaumoyo a maiko onse amati njira zoletsa maulendo zisapyole muyeso ndipo zikhale ndi umboni wa sayansi, koma alibe mano okakamiza boma lililonse. Mu Meyi 2025 maiko a mu WHO adavomereza pangano latsopano la miliri, lomwe limanena momveka kuti bungweli lilibe mphamvu yolamula dziko kutseka kapena kutsegula malire ake. Mliri wina ukadzabwera, kodi chidindo cha ma baht 3,800 chija chidzatanthauza chiyani kwa munthu amene watsakamira ku Lilongwe, ku Harare kapena ku Maputo, makiyi a nyumba ya ku Bangkok ali m'thumba?